Mpando wanga unali pafupi kwambiri ndi kanema

Chizindikiro choyamba ndinachilemba m'kabuku kanga pa 12 Malichi 1996, ndipo ndinachilemba ngati chinthu chokoma. Mawu ake ndi awa: "Lero ndikuonera kanema ndaona timadontho tagolide tikuyandama m'chipinda ngati fumbi pakuwala kwa dzuwa. Amayi akuti ndinasiya kulankhula mawu ali m'kamwa." Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, m'chaka chachitatu cha sekondale.

Timakhala ku Berea, kuno kudziko la eni, m'chipinda chimodzi cha fulati yomwe timagawana ndi mabanja ena awiri. Abambo amagwira ntchito mosungira nsalu ku Springfield. Amayi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Hillcrest, ndipo abwana awo ndi amene anawapatsa wailesi yakanema yakale, yaikulu ngati bokosi la zovala. Chithunzi chake chinali chofooka, choncho tinkatchinga zenera ndi chitenje kuti chioneke bwino. Mawu tinkawatsitsa kwambiri chifukwa khoma lotilekanitsa ndi anzathu ndi lathabwa. Amayi samva bwino Chingerezi kapena Chizulu, ndiye ntchito yanga inali kukhala pa kampando kutsogolo penipeni, khutu pafupi ndi sipika, n'kumawamasulira m'Chichewa chapansipansi zomwe anthu a m'seweromo akunena. Nkhope yanga inkatalikirana ndi galasi la kanemayo ngati kutalika kwa mkono.

M'mwezi wa Epulo timadontho tija tinkabwera pafupifupi sabata iliyonse. Zikayamba, chipinda chinkakhala ngati chamira m'madzi. Mawu a amayi ankachokera kutali. Ndinkamva fungo la mvula pomwe kunja kulibe mtambo. Kenako ndinkabwerera, seweroli litapita patsogolo, ine osadziwa kuti anthu aja afika bwanji pomwe ali. Pambuyo pake mutu unkawawa kumbuyo kwa maso, ndi kanseru pang'ono. Amayi ankati ndikulota masana. Inenso ndinkakhulupirira choncho, ndipo kunena zoona malotowo ndinkawakonda.

Loweruka pa 8 Juni masana, chithunzi chinayamba kuthamanga kukwera m'mwamba monga chinkachitira nthawi zina. Ndinayandikira kuti ndipotokole kabatani. Ndikukumbukira mizere yoyera ikudutsa, kenako palibe. Ndinadzuka ndili pansi, lilime lolumidwa, thupi lonse likuphwanya ngati ndasenza katundu tsiku lathunthu. Amayi anali atagwira mutu wanga akunena dua, pemphero lathu la Chisilamu. Anandiuza kuti manja ndi miyendo zinkagwedezeka.

Tsiku lomwelo abambo ananena mawu omwe ndinayenda nawo miyezi isanu ndi umodzi. "Ngati ali matenda akugwa, mwanayu apite kwa azakhali ake ku Mangochi. Kuno angagwere pa masitepe kapena pamsewu. Angamutole ndani?" Sananene mwaukali, ananena mwamantha. Koma kumudzi kwa azakhali sekondale ili kutali, ndipo mtsikana wodziwika kuti amagwa sangamulole kuyenda mtunda umenewo. Kupita kumeneko kukanakhala kutha kwa sukulu yanga, pamene ine ndimafuna kudzakhala mphunzitsi.

Choncho ndinayamba kubisa. Timadontho tikabwera ndinkatsinzina n'kunamizira kuyasamula. Makolo anganso sanafulumire za chipatala. Ankaopa mafunso a kumene tinachokera, ankaopanso kuti anthu a kwathu omwe timakumana nawo ku mzikiti angamve. Kanema sitinamukayikire ngakhale pang'ono. Ndinapitiriza kukhala pa kampando kanga.

Ndinagwanso pa 20 Julayi, pamalo omwewo, ndipo ndinang'ambika pachikope. Lolemba lotsatira amayi anapempha tsiku kuntchito n'kupita nane ku kiliniki. Kumeneko anandisoka, nandipatsa kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Tsiku loti andiyeze ubongo linaikidwa pa 3 Sepitembala. Masabata odikirawo ndinkaima pazenera la pa masitepe, pomwe nyanja imaonekera pakati pa nyumba ziwiri, n'kumaona sitima zitaima kutali, nazonso zikudikira kulowa padoko.

Ku chipatala tinafika m'mawa kwambiri. Munthu umayamba mzere wa khadi, kenako wa faelo, kenako mabenchi a m'khonde lalitali momwe mumasuntha malo amodzi wina akaitanidwa. Amayi sanalankhule mawu ambiri. Akafuna kunena kanthu ankandinong'oneza m'khutu kuti anthu asamve chilankhulo chathu. Nthawi itapitirira 11 koloko nesi wachikulire anandiitana. "Hlala phansi, mntanami," anatero, kundiuza kuti ndikhale pansi. Anandimata timawaya tambiri m'mutu ndi phala lozizira, nandiuza kuti nditsinzine, nditsegule maso, ndipume mwamphamvu. Pomaliza anaika nyali patsogolo panga. Inayamba kuthwanima pang'onopang'ono, kenako mofulumira. Timadontho tagolide tinabwera, tambiri kuposa kale, ngati maluwa akutseguka. Nesi anazimitsa nyali msanga. "Basi, taona zomwe timafuna," anatero.

Zotsatira tinakamva pa 17 Sepitembala. Dokotala anali mayi wolankhula modekha. Anandifunsa kumene ndinali nthawi zonse zomwe ndinagwa, kutalika kwa pomwe ndimakhala, ndiponso ngati m'chipinda mumakhala mowala. Kenako anafotokoza kuti chithunzi cha kanema sichikhala chilili monga timachionera. Chimazima ndi kuyaka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Anthu ambiri sazindikira, koma ubongo wa ena, makamaka achinyamata, umadzidzimuka nako kuthwanimako. Anati ndi mtundu wa khunyu. Atatero anayang'ana amayi n'kundiuza kuti, "Awuze mayi ako zonse zomwe ndanena."

Pa moyo wanga wonse womasulira, apa ndi pomwe ndinavutika kwambiri. M'chipindamo munalibe wina womva zilankhulo zonse ziwiri. Ndikanati ndi vuto la maso chabe, palibe akanadziwa. Ndinayang'ana manja a amayi, osweka ndi sopo wa ku Hillcrest, atagwira khadi langa. Ndinati, "Amayi, akuti ndi khunyu. Koma akuti chimene chimaidzutsa ndi kuthwanima kwa kanema, ndipo mankhwala alipo." Amayi anati, "Afunse za sukulu." Dokotala anayankha kuti ndisasiye sukulu ngakhale tsiku limodzi.

Anandipatsa mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo, ndi malangizo olembedwa papepala. Ndiziyatsa nyali kapena kutsegula zenera poonera. Ndizikhala patali, mamita osachepera awiri ndi theka. Galasi laling'ono ndi labwino kuposa lalikulu. Ndikafuna kuyandikira kanema, kapena ndikakumana ndi nyali yothwanima, ndiziphimba diso limodzi ndi chikhatho, chifukwa kutsinzina kokha sikukwanira.

Abambo anamvetsera pepala lonse ndikuwawerengera. Anadzuka, nazula chingwe kukhoma, nanyamula kanema uja kukamuika m'khonde. Atabwerera anati, "Tione mpaka mayeso a Novembala. Akagwanso, apita."

Masabata oyamba mapiritsi ankandigonetsa tulo m'kalasi, ndipo ndinanenepa pang'ono. Chipinda chinakhala zii. Amayi akaweruka ankangokhala pabedi kuyang'ana pomwe panali kanema paja. Sanadandaule, koma ndinkadziwa kuti sewero lija linali mpumulo wawo wokhawo.

Loweruka pa 12 Okutobala abambo anatitenga kupita ku sitolo ina ku Springfield. Khoma lonse linali makanema oyaka. Ndinalowa nditaphimba diso. Wogulitsa anandiyang'ana n'kuseka. "Eish, sisi, wamenyedwa ndi ndani?" Abambo anamufotokozera m'Chizulu chawo chothyokathyoka, ndipo bamboyo anasiya kuseka. Anazimitsa onse, n'kumayatsa mmodzimmodzi, ine nditaima patali. Dokotala anali atandiuza kuti kuthwanima kumaoneka bwino munthu ukayang'ana cham'mbali, choncho ndinkayang'ana phewa la abambo, kanema ali m'mphepete mwa diso. Aakulu onse ankanjenjemera ngati mpweya wa pamwamba pa tala masana otentha. Panali mmodzi wamtundu watsopano yemwe wogulitsa anati amajambula chithunzi mofulumira kawiri. Ameneyo anali bata ngati madzi a m'kapu. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Koma mtengo wake sunali wa anthu ngati ife, ndipo tonse tinadziwa popanda kufunsana. Kumapeto kwa shelefu kunali kakang'ono, kokhala ndi rimoti. Nditaima patali, sikankandivutitsa maso. Tinatenga kameneko.

Kunyumba tinalibe tepi yoyezera. Amayi anayeza ndi chitenje: chimodzi ndi theka. Chipinda chathu sichifika pamenepo m'litali, koma kuchokera pakona kufika pakona ina chinakwana. Kanema anakwera pamwamba pa kabati, kampando kanga kanapita kuseri kwa chitseko. Kuchokera pamenepo mawu sindiwamva onse, ndiye pena ndimangoganizira zomwe anthuwo akunena. Amayi akuti masewero akoma kuposa kale.

Mayeso ndinalemba onse mu Novembala, osagwa. M'holo munali nyali imodzi yaitali yomwe inkaphethira, ndipo ndinapempha aphunzitsi kuti andisinthe malo. Anandisintha popanda mafunso ambiri.

Makalata opita kumudzi ndimalemba ndine, abambo akunena. Pa 15 Disembala anandiuza kuti nditenge pepala. Atatha malonje ndi nkhani za mvula anaima, nayang'ana kudenga. "Lemba kuti mwana uja tinkati abwera, sabweranso. Ali ndi sukulu." Ndinalemba pang'onopang'ono.

Lero ndi pa 9 Febuluwale 1998, ndipo ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, chomwe kuno ndi chachisanu. Chigwereni mu Julayi uja sindinagwenso. Mapiritsi ndikumwabe, ndipo ndimapita kukaonana ndi dokotala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Timadontho tinabwera kamodzi kokha, m'takisi, dzuwa likudutsa m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinaphimba diso, timadonthoto tinachoka.

Ndalemba izi chifukwa cha atsikana ndi anyamata a kwathu omwe amakhala kutsogolo kwa kanema m'zipinda zazing'ono ngati chathu. Mwana akamasowa pakati pa mawu, maso ali gwa, musati akulota. Onani kumene wakhala ndi chomwe akuyang'ana, ndipo pitani naye ku chipatala sabata yomweyo. Ife tinadikira kuyambira Malichi mpaka Julayi chifukwa cha mantha, ndipo chipsera cha pachikope changa ndi cha miyezi imeneyo. Kwa iwe amene ukubisa monga ndinkabisira ine: nena. Ine ndinkaganiza kuti dzina la matendawa lindichotsa pasukulu, koma nditalitchula m'pamene ndinatsala.