Nyemba za m'Dengu la a Nangozo

Mpaka lero ndikamva fungo la usipa losakanikirana ndi la sopo wamtanda, ndimaona dengu la a Nangozo likutsitsidwa pakhonde pathu ku Ntengo-Wambalame, ku Mozambiki. Linali dengu lansungwi, loda ndi utsi, pamkombero pake posokedwa ndi linya. A Nangozo anali anjira awo a amayi. Chinjira ndi ubwenzi wa akazi umene nthawi zina umaposa chibale, ndipo chawocho chinayamba nthawi ya nkhondo, ine ndisanabadwe. Amayi atathawira ku Malawi, mayi ameneyu ndiye anawadulira ndime m'munda mwake. Mtendere utabwera amayi anabwerera kwathu, koma dengu linapitiriza kuyenda.

Linkabwera ndi anthu ochokera kumsika wa pamalire, kuja kumene msewu umodzi umalekanitsa mayiko awiri, nkhuku n'kumadya mbali iyi, kukaikira mbali inayo. Pobwera munkakhala usipa, shuga ndi sopo. Pobwerera amayi ankadzazamo mbatatesi, nyemba, nthawi zina ndi kapulana, chitenje chakwathu chamaluwa, pamwamba. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ngakhale ife ana tinkalidziwa: dengu la chinjira silibwerera lopanda kanthu.

Chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi mvula inanyanya. Mbatatesi zinagwidwa chiwawu, masamba bii, n'kuolera m'mizere momwemo, moti munda wonse unkanunkha. Nyemba zinayoyoka maluwa, zotsalazo zinamera zili m'makoko. Zomwe zinawapweteka kwambiri amayi zinali nyemba zawo zofiira zamawangamawanga. Mbewu yake anapatsidwa ndi mayi awo ku Chidzolomondo, ndipo pothawa nkhondo anaimanga kunsonga ya nsalu. Agogowo anamwalira amayi ali ku Malawi. Chaka chimenecho mbewu ija inatheratu psiti.

Dengu silinadziwe za mvula. Linafika lodzaza monga mwa masiku onse. Usipa tinadya, sopo tinachapira, koma dengulo amayi analikankhira kunsi kwa bedi. Kumsika analekeratu kupita. Anzawo akamadutsa ndi mitolo pamutu n'kuwaitana, ankati mwendo ukuwawa, chonsecho mwendo womwewo unkafika kunkhuni bwinobwino. Nyengo yozizira inalowa, nkhungu ikumakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, dengu lili khale, akangaude akumangamo nyumba.

Ine pakamwa panga sipankagona nkhani, n'chifukwa chake bambo ankanditcha radiyo. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi mayi wina wogulitsa tomato anandikoka dzanja. Anati a Nangozo akufunsa ngati amayi akudwala, poti miyezi itatu yatha ali zii. Ndinayankha mokweza kuti ali bwino, kungoti abisa dengu chifukwa tilibe chothiramo. Nkhaniyo itawapeza amayi, khutu langa linaona zakuda. Koma kukoka khutu kuja sikunandiwawe ngati kuwaona atangokhala pamtondo tsiku lonse.

Patapita masabata awiri a Nangozo anatulukira m'nkhungu m'mawa, wapansi, mapazi ali mbuu. Amayi anafuna kuzembera kuseri, koma anali ataonedwa kale.

"Anjira, kodi ndasanduka wa kasitomu wa pamalire ine kuti muzindithawa ndi katundu?"

"Manyazi, mana, m'bale wanga," anatero amayi, maso ali pansi. "Chaka chino nada, sitinakolole ngakhale kilu imodzi. Ndikanakutumizirani mphepo?"

Mlendoyo anakhala pamphasa, n'kumasula kafundo kunsonga ya chitenje chake. Munali nyemba zodzaza manja awiri basi, zofiira zamawangamawanga.

"Izi ndi zanu. Munazisiya m'munda mwanga muja munkabwerera, ine ndangokhala ndikuzidzala chaka ndi chaka, kukusungirani. Dengu ndilisiya konkuno. Mudzalitumize zikabereka."

Amayi anazitola, kuzitembenuza pachikhatho, kuzinunkhiza, kenaka misozi chuchuchu. Ine zinandinyansa. Munthu kuyenda mtunda wonse uja n'kubweretsa nyemba zosadzaza ndi kamphika komwe! Ndinali nditakonzekera shuga.

Chisanu chitatha tinazidzala kudimba, mbewu iwiriiwiri paphando. Ndinkathirira ndi chidebe chodontha, madzi ozizira akundiyenderera m'khosi, ndipo mbuzi za anthu zinadziwa miyala yanga. Amayi ankayendera mizere isanu ija ngati wodwazika matenda. Mvula isanagwe tinakolola. Dengu silinadzaze, linangofika pakati, koma amayi analipukuta, analisenza okha, ndipo mwendo uja sunawawe mpaka kumsika. Ine ndinali pambuyo, nditanyamula nkhata yawo yapadera.

Nthawi imeneyo ndinkati a Nangozo ndi oumira, ndipo ndinauza aliyense wofuna kumva. Ndakula tsopano, ndaona kuti akanabwera ndi thumba la ufa, amayi akanalandira, n'kuwerama mpaka kalekale. Iwo anawabweretsera chinthu chawo chomwe, kuti dengu lidzabwerere ndi thukuta lawo.

Awiri onsewo anatisiya, ndipo dengu linadyedwa ndi chiswe. Nyemba zija ndimadzalabe. Ana anga amazitcha nyemba za ku Malawi. Mwana wa a Nangozo, amene ndimakumana naye pamsika uja, akuti kwawo amazitcha nyemba za ku Mozambiki.