Mkamwini Amene Anadzitsekera ndi Mankhwala a Thonje

Ntchito imeneyi inandipeza pakhomo la tchalitchi. Mapemphero atatha, anaimirira Mai Tembo a ku kiliniki yathu n'kunena kuti akufuna anthu a m'midzi ya kuno ku Sinda oti azithamangira kumene kwabuka vuto: banja likamenyana, munthu akasokonezeka mutu, woledzera akatola nkhwangwa, kapena wina akafuna kudzipha. Anati apolisi ali kutali, ndiponso si vuto lililonse lofuna unyolo. Mai wina kumbuyo anandiloza n'kukuwa kuti, "Lembani aNaphiri! Iwo aja ngakhale abusa akawapatsa moni amayamba awayang'ana m'manja." Anthu anaseka. Mai Tembo sanaseke. Anati, "Amenewo ndiwo ndikuwafuna."

Ndinali kale ndi adzukulu pakhomo, ndipo kupatula khasu ndinali ndisanagwirepo ntchito ina. Ndinavomera pofuna kuona chimene a kilinikiwa ankabisa. Mpaka lero sindinachipeze.

Anatiphunzitsa ku Katete. Aliyense analandira njinga, foni ya mabatani ndi chovala chabuluu chovala pamwamba pa malaya. M'chikwama munali magolovesi, sopo, bandeji, mapepala apulasitiki ndi botolo la madzi. Chingwe munalibe. Mai Tembo ankati, "Mukamanga munthu, mawa sadzakuitananinso."

Foni ikalira, timafunsa kuti munthuyo ndani, ali ndi chiyani m'manja, ndipo ana ali kuti. Ngati wina wakhapidwa kapena mwana wagwiriridwa, imeneyo ndi ya apolisi, timawaimbira pomwepo. Zina zonse timapita tokha, awiriawiri. Njinga timaimika zitayang'ana kumsewu. Pofika sitiimirira, timakhala pansi, ndipo sititseka khomo. Mmodzi amalankhula, wina amayang'ana. Wolankhula saloledwa kulonjeza chimene sangachite. Woyang'ana amachotsa ana, amabalalitsa anthu odzaonerera, amasuntha makasu, zikwanje ndi mipeni mwakachetechete ngati akusesa.

Ine ndinali woyang'ana. Wolankhula anali aMwale, bambo wodekha amene kale ankakonza njinga pamsika. Iwo amakhulupirira munthu aliyense mpaka atawanamiza kawiri. Ine ndimayambira kumapeto kumeneko. N'chifukwa chake anatiphatikiza.

Miyezi yoyamba anthu ankatitcha apolisi opanda nsapato. Ena ankatiitanira mbuzi zodya chimanga. Ena ankanama pafoni kuti mlamu wawo wapenga, pomwe ankangofuna kumuchititsa manyazi. Ndinaphunzira kuti woimba foni naye ali ndi mbali yake, ndipo ndinkamumvera ndi khutu limodzi.

Tsiku limene ndimalikumbukira linali m'nyengo yopopera thonje, dzuwa lili pamutu. Anaimba Esinati, mtsikana wa mudzi wa kutsidya kwa dambo. Mwamuna wake, aSakala, anadzitsekera m'nyumba ndi botolo la mankhwala a thonje. ASakala ndi a ku Vubwi, kuno anabwera kudzakhala chikamwini. Dzulo lake atsibweni a Esinati anawauza pamowa kuti anyamule thumba lawo azipita kwawo, ana atsala pamudzi.

Tinapeza bwalo ladzaza. Ndinayamba ndi ana, kuwatumiza kwa anansi. Kenako ndinakokera Esinati pambali n'kumufunsa ngati botololo linali lotsegula. Anati ayi, linali latsopano, anali asanapopereko. Mchimwene wake wa Esinati anaima pafupi ndi chitseko atagwira chingwe cha ng'ombe, akuti athyole amumange.

Ndinati, "Achimwene, tandibwerekani chingwecho ndione." Anandipatsa. Ndinachipinda n'kuchikhalira.

"Agogo, mwatani kodi?"

"Pansi pakutentha, mwanawe."

AMwale anakhala pa njerwa pansi pa windo n'kuyamba kulankhula ngati akucheza pamsika. Patapita nthawi aSakala anayankha m'katimo. Anati, "Akuti ndizipita. Ku Vubwi ndikafika ndi chiyani? Nyumba iyi ndinaumba ndekha njerwa zake. Ana ndi anga polipira sukulu pokha?"

AMwale anati, "Za ana sindingakulonjezeni kanthu, aSakala. Koma nkhani imeneyi yakambidwa pamowa, ankhoswe sanakhalepo pansi. Mukamwa zimenezo, adzakamba okhaokha."

Zinkaoneka ngati zikuyenda, koma kenako n'kumaima. Ndinayang'ana chimene chinkaziimitsa. Pakhonde, pakhomo penipeni, panakhala aNambewe, amake a Esinati. Ankalira, akugogoda chitseko ndi chikhatho: "Tulukani bambo, tulukani! Ine ndilibe nanu mlandu." Ankanena zoona, ndipo palibe amene akanawadzudzula. Koma kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Mai aja mantha anawaiwalitsa zimenezi, koma munthu wa m'katimo sanaiwale. AMwale akalankhula, ankayankha. ANambewe akangotsegula pakamwa, m'nyumba munkati zii.

Ndinapereka chingwe kwa Esinati kuti akachibise, n'kukagwada pafupi ndi aNambewe. Ndinati, "Amai, mukufuna atuluke. Atulukira pati? Adumphe miyendo yanu?"

"Dothi lino ndi langa. Ndichoke ine pakhomo pa mwana wanga?"

"Ndi lanu, silithawa. Khalani kuseri kwa nkhokwe. Muzimva zonse, koma asakuoneni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunda chitenje kumutu n'kunyamuka. Ndinauza aMwale mokweza mawu, kuti wa m'katimo amve, kuti pakhonde palibenso munthu.

Sipanatenge nthawi. Dzanja linatulukira pawindo litagwira botolo, aMwale analandira ndi pulasitiki. Mpiringidzo unasuntha, chitseko chinatseguka, aSakala anatuluka n'kukhala pansi pakhonde atazolika. Amai a pamudzi anayamba nthungululu. Wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Mchimwene uja wa chingwe ankauza anzake kuti iye ankadziwa kale kuti alamu ake amangoopseza.

Ine ndinavala magolovesi n'kutenga botolo. Ndinalipenyetsa padzuwa. Mankhwala analekeza pakati. Esinati anati linali latsopano.

Ndinayandikira aSakala ngati ndikufuna kuwapatsa madzi. Pakamwa panalibe thovu, malovu sankatuluka, malaya anali ouma, ndipo fungo linali m'manja mokha. Ndiye kuti sanamwe. Ndinati odi pakhomo n'kulowa. M'katimo fungo linali lotseka mphuno. Pansi panalibe ponyowa. Ndinayang'ana pa shelefu, kuseri kwa thumba la chimanga, kenako ndinagwada. Kunsi kwa bedi, chakukhoma, kunali kapu yachitsulo yovundikira ndi mbale.

Ndinatuluka nayo nditaiphimba ndi pulasitiki kuti oimba aja asaione. ASakala okha ndiwo anaiona. Anati motsitsa mawu, "Mwaipeza, amai."

"Ndaipeza."

"Ndimati ndimwe mukapita."

"Ndadziwa. Sitikupita."

AMwale anawasambitsa m'manja ndi sopo n'kuwakweza pakaliyala mpaka ku kiliniki. Ine ndinatsatira pambuyo ndi botolo ndi kapu, chifukwa a kiliniki amafuna kuwerenga dzina la mankhwalawo. Kapuyo tinaiboola ndi msomali kuti wina asadzamwerenso. Pobwerera ndinatolera mankhwala onse a pakhomopo, a thonje ndi a mbuzi omwe, n'kukawasungitsa kwa anansi amene ali ndi bokosi la loko. Masabata otsatira tinkapitako mosinthana, ndipo ankhoswe anakhala pansi.

Banja lija silinalimbe. Chaka chotsatira aSakala anabwerera ku Vubwi, koma anagwirizana zoti ana azipita kwa atate awo sukulu ikatsekera. Ndinakumana ndi aSakala pamsika wa Katete akugula nsapato za mwana wamkazi, atanyamula kamtengo koyezera phazi. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinawayang'ana m'manja, munali kamtengo kokhako.

Atsopano akabwera, Mai Tembo amandiuza kuti ndiwafotokozere ntchito ya woyang'ana. Sinditalikitsa. Ndimawauza kuti ayang'ane amene wakhala pakhomo, ngakhale akhale wolira moona mtima. Ndimawauzanso kuti nthungululu zikayamba asaimbe nawo. Enawo aziimba. Inu valani magolovesi, nenani odi, mulowe mukagwade kunsi kwa bedi.