Bondo la Amayi, Ine Ndili Kunyanja ya Mchere

Tsiku limene anandilemba ntchito ya pasitima ku Kepi, mzinda wakunja wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, amayi anali m'munda wa tiyi, dengu kumsana. Ndinawalondola komweko kukawauza.

"Iwe Esinati, madzi amene ukuwadziwa ndi a mumtsinje wa Nsuwadzi, ndiye ukakwere sitima?" Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Pita mwanawe, masamu akowo angaolere m'malaini a nyumba za esiteti muno."

Ndinapitadi. Kumeneko anzanga ankamiza makina pansi pa nyanja. Makinawo amatumiza kaphokoso chakumwamba n'kumvera kubwerera kwake, ndipo potero amadziwa kumene madzi akulowera ndi liwiro lake. Koma kufupi ndi pamwamba, mafunde ndi thovu zimasokoneza kaphokosoko, manambala ake n'kukhala abodza. Ntchito yanga inali kuwadula pakompyuta. Ukadula pang'ono, bodza limatsalira. Ukadula kwambiri, wataya ndi zoona zomwe.

Nditawafotokozera amayi pafoni anadabwa. "Ife kuno timathyola nsonga, inu mukutaya nsongazo? Akapitawo akwanuko ndi ofatsa!"

Sindinawauze kuti ulendo woyamba wa pasitima ndinasanza mpaka kulakalaka kufa, kapena kuti Lamlungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga ndikumvetsera mobwerezabwereza mawu amene ankanditumizira pafoni, kuti ndimveko Chilomwe chawo chija. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe. Yankho linali limodzimodzi: "Kuno tili bwino, iwe uzidya."

Tchuthi chitakwana ndinabwera osanena, ndimvekere ndikawadzidzimutse. Ndinatsika minibasi ya ku Limbe, mvula ikuwaza, tiyi ali biriwiri mpaka kuphiri. Nditaodira pakhomo pathu m'malaini, anatuluka mayi wachilendo, mwana kumbuyo.

"Mayi a Esinati? Anasamukira kwa Nchilamwela kalekale. Bondo linawakanika, ntchito anasiya."

Nyumba ya esiteti imayendera ntchito, ntchito ikatha nyumbanso yatha. Nanga nthawi yonseyi ankagona kuti?

Amayi ndinawapeza pamalo a amalume, atakhala pakhonde la kanyumba ka njerwa zootcha, ndodo pambali. Njerwazo anawaumbira anzawo othyola nawo tiyi, Loweruka akaweruka. Azibambo a kutchalitchi anamanga. Zimene ndinkatumiza zija zinagula malata.

Ndinagwada n'kugwira bondo lotupalo, misozi ili chuchuchu. "Amayi, bwanji osandiuza?"

"Ukanathawa ntchito n'kubwera. Ndiye ukanadzatani, kundibwereka bondo lako?" Anandisisita kumutu ngati kamwana. "Taona wawondamo. Kumeneko sakudyetsa?"

Tili pomwepo anafika mayi Namagowa, amene anathyola nawo mzere umodzi kuyambira ine ndisanabadwe, ndowa ya madzi pamutu. Ndinamva kuti azimayiwo anagawana masabata otungira amayi madzi, ndipo palibe anajombapo. Ndinayamba kuwathokoza, koma anandidula pakamwa.

"Zikomoyo usunge," anatero akutula ndowa pamapazi anga. "Wabwera eti? Sabata ino ndi yako. Mjigo uli kuseri kwa sukulu."