Chala cha Bambo pa Batani la Kumanja

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Area 23. Ndi chaka chimene bambo anga, omwe ankayendetsa minibasi, anagwa kubafa m'mawa wina n'kudzuka mbali yakumanja itafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, ankaukoka koma ankayenda. Dzanja ndiye linangoti lende, zala zitapindikira mkati ngati akubisa kanthu.

Malume anga a Gift atabwera kuchokera ku Joni anatisiyira kamakina kakale ka magemu kolumikiza pa TV, ndi chimbale chimodzi chokha. Gemu yake inali ya pinibolo. Pa TV pamaoneka tebulo lopendekeka lodzaza timagetsi ndi timabelu, kampira kachitsulo n'kumagubuduka kutsika. Pansi pali timikono tiwiri, ndipo ntchito yako ndi kukamenya kuti kabwerere kumtunda. Kakadutsa pakati pa timikonoto, kapita.

Bambo atangoona, maso anawala. Lilime linali lolemera, koma anayesetsa kutiuza kuti tebulo lomwelo analisewerapo lenileni ali mnyamata, m'kasitolo ka tchipisi ku Joni komweko. Anati linali lalitali ngati bedi, la galasi pamwamba, ndipo unkaligunda ndi chiuno kampira kakafuna kuthawa. Ngakhale kanyimbo kake ankakadziwa.

Akuchipatala anali atanena kuti zalazo zizigwira ntchito tsiku lililonse, makamaka miyezi yoyambirira. Gemuyi imangofuna mabatani awiri, lina kumanzere, lina kumanja kwa rimoti. Choncho amayi, omwe ankaswera kumsika kugulitsa tomato, anandipatsa ntchito. Ndikaweruka kusukulu, magetsi akakhalapo, ndizikhala pambali pa bambo, ndiwongole chala chawo chakumanja, ndichigoneke pabatani n'kuchichirikiza kuti chisaterereke.

"Kungogwirizira basi," amayi anatero. "Kudinako azidina okha. Wamva, Tadala?"

Ndinamva. Masiku atatu oyamba ndinachita zomwezo. Kamkono kakumanzere kankamenya bwinobwino, koma kampira kakapita kumanja tinkangokayang'ana kakugubuduka pakamkono kosagwedezeka mpaka kugwera m'dzenje. Bambo ankachita kutuluka thukuta pamphuno. Chala chawo chinali chozizira m'manja mwanga. Tsiku lachinayi ndinaona msozi ukutsika patsaya la mbali yakufayo, ndipo kampira katafika ndinakanikiza chala chawo ndi changa. Pang'ono chabe. Kamkono kanalumpha, timabelu tinalira.

"Wa-waona?" bambo anakuwa. "Chadzuka!"

Anaseka koyamba chigwereni, ndiye ine ndinawabisira zoona. Kuyambira tsiku limenelo wodina ndinali ine. Ndinazolowera mpaka kudziwa kudikira kuti kampira kafike kunsonga kwa kamkono. Nthawi zina ndinkaphonya dala kuti asandizindikire. Chala chawocho sichinkamva bwino chikakhudzidwa, choncho sankasiyanitsa mphamvu yanga ndi yawo. Anayambanso kumeta ndevu, kumaliza chakudya m'mbale, kufunsa anzawo za kumsewu. Ine ndinkangodziuza kuti mawa ndisiya, mawa ndisiya. Inakwana miyezi iwiri.

Loweruka lina kunabwera a Kamwendo, eni minibasi ija. Malo a bambo anali atawasungabe, galimoto ikuyendetsedwa ndi waganyu, ndipo anafuna kudziwa ngati adikirebe. Amayi anawapatsa mpando ndi tiyi.

"Bwana, musalembe wina," bambo anatero. "Dzanja labwera. Tadala, tayatsa."

Ndinapemphera chamumtima kuti magetsi azime. Kwathu kuzima kwa magetsi sinali nkhani yachilendo, koma tsiku limenelo ayi ndithu. Ndinayatsa, n'kukhala pamalo panga, n'kugwira chala chija.

"Iwe, chotsa dzanja," bambo anatero akumwetulira. "A Kamwendo angaganize kuti ukundithandiza."

"Adadi, chiterereka."

"Chotsa, mwana wanga."

Ndinachotsa. Manja anga ndinawapana pakati pa mawondo. Kampira kanakwera, kanazungulira kumtunda, n'kutsikira kumanja ngati kakudziwa. Kanagubuduka pakamkono kaja mosafulumira, n'kugwa. Kachiwiri chimodzimodzi. Bambo analuma mlomo, phewa likunjenjemera, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma batani silinalowe. Kachitatu sanamenye ngakhale ndi kumanzere komwe. Anatembenuka n'kuyang'ana manja anga. Kanyimbo kaja kankangolirabe.

A Kamwendo anakhosomola. "Musadandaule achimwene, zinthu izi zimafuna nthawi," anatero, n'kutsanzika tiyi asanamalize. Mlungu wotsatira analemba dalaivala wina.

Ndinadikira chikwapu, koma sichinabwere. Amayi anangofunsa kuti, "Kuyambira liti?" Nditawauza, anakhala pansi pakhomo n'kugwira kumutu. Bambo anatha masiku osayang'ana ku TV, ndevu n'kuyambanso kumera. Ndinkawabweretsera madzi osamba m'manja, iwo n'kuthokoza ngati akuthokoza mlendo. Palibe chimene ndikanachita choti chibweze miyezi ija.

Tsiku lina anandiitana kuti ndiyatse. Dzanja lakufalo analinyamula ndi linzake n'kuligoneka pamwendo. Kenako anandilozera rimoti.

"Batani ili ndi langa, ilo ndi lako," anatero. "Poyera."

Tinasewera choncho zaka zinayi, mpaka pamene anatisiya. Dzanja lija silinadzukenso. Mpaka lero sindidziwa ngati likanadzuka ndikanalisiya kuti lizivutika lokha. Ndinafunsapo namwino wina kusikelo, anati palibe amene angadziwe.

Sukulu ndinalekezera kupulaimale, koma ichi chokha ndinachigwira. Tsopano ndili ndi mwana wamkazi, Ulemu, amene akuphunzira kudya yekha. Supuni imamuzungulira m'manja, phala limathera pachifuwa, amalira akundiyang'ana. Zala zanga zimachita kuyabwa. Ndimakhala naye pafupi, manja nditawapana pakati pa mawondo. Akatopa ndimatenga supuni n'kumuuza kuti, "Pano akukudyetsa ndi amayi," kuti adziwe dzanja limene lanyamula. Ndinamvetsa mochedwa kuti tsiku lachinayi lija sindinkathandiza bambo. Ndinkadzithandiza ndekha, chifukwa msozi wawo unandikanika kuuyang'ana.