Yakura wa pa Geti la Depoti

...ndiye ndinakweza manja m'mwamba, anzanga, n'kunena kuti, "Bwana, mwandidumpha. Inenso ndisecheni."

"Ndimasecha azimayi okha," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Mukafuna, kabwerekeni diresi."

Ameneyo ndiye Yakura, wapolisi wamkazi. Nthawi imeneyo mu mzinda wa Maiduguri muno mabomba ankaphulika m'madepoti ndi pamalodibuloko, ndipo kawirikawiri zigawenga zinkawamangirira atsikana m'kati mwa zovala. Ntchito ya Yakura ndi mnzake Hamsatu inali kupapasa mayi aliyense wolowa pa geti la depoti.

Ine ndine Grema, woyendetsa keke, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu. M'chigawo chonse cha Borno mulibe dalaivala wondiposa. Ndikaliza hutala, ngakhale mbuzi zimandichitira sawatcha.

Ndinayamba kumubweretsera Yakura kosai, tizitumbuwa ta nyemba, m'mawa uliwonse. Poyamba ankapatsa Hamsatu. Kenako anayamba kudya yekha. Kenako nambala ya foni inatuluka yokha.

"Alamu," ankatero Hamsatu, "musaiwale kuti pa geti pano tilipo awiri. Mimba yanga ndi imene inakutsegulirani njira."

Lamulo la Yakura linali limodzi.

"Grema, usamaime pafupi ndi geti. Ukakhalapo maso anga amathawira kwa iwe, osayang'ananso manja a anthu."

"Ndiye mlandu wanga ndi kukongola?"

"Kukongola kwake kuti, mutu ngati chivwende. I'm serious."

Ndinamuchonderera kuti asiye ntchitoyo ndimukwatire. Anangoti, "Ndikasiya, amayi ako akamakwera basi awateteza ndani? Hutala wako?"

Tsiku lina ndinalembetsa dzina lake kumbuyo kwa keke, zilembo zazikulu zoti munthu n'kuwerenga ali kutali ku Kano. Mtima sunandilole kudikira. Ndinakaimika keke cha pafupi ndi geti n'kuyamba kuliza hutala ngati pa ukwati.

Ndinamumva Yakura akuti, "Hamsatu, tandigwirira mzerewu, ndikathamangitse wamisala uyu."

Anabwera atakwinya nkhope, koma milomo ikufuna kuseka.

"Ndinakuuza chiyani iwe?"

Ndisanayankhe n'komwe...

Phokoso lake sindingalifotokoze. Ndinadzidzimuka ndili pansi, fumbi m'kamwa, makutu atagontha. Mtsikana amene anali patsogolo pa mzere wa Yakura anali atavala bomba. Hamsatu anafera pomwepo, pamodzi ndi amayi ena amene ankangofuna kukwera basi.

Maliro atatha ndinapita kwawo kwa Yakura. Sanandilowetse, tinalankhulira pachipata.

"Yakura, Mulungu ndi amene anakupulumutsa."

"Unandiitana ndiwe, ine n'kubwera. Mtsikana uja anali wanga woti ndimuseche. Mwina ndikanamuona akadali patali."

"Mwina ukanafa ndiwe."

"Eya. Ndiye ndikakuona iwe, ndimaona ana a Hamsatu."

Ndinasowa nthabwala, anzanga. Ine amene.

Anapempha transifa n'kupita ku mzinda wa Damaturu. Akuti kumenekonso ali pa geti, akupapasa anthu osawadziwa. Koma musandimvere chisoni. Masiku ano amandiimbira Lachisanu lililonse, kulira kuti tibwererane, ine n'kumanyada kuti ndiganize kaye, atsikana ondifuna ndi ambiri...

Ayi, apo ndanama. Sanaimbepo.

Amaimba ndine. Sayankha, foni imangoitana mpaka kuduka. Koma ndikamva kuti kwaphulikanso, ndimaimika keke, makasitomala akutukwana, n'kuimba. Ikamaitana ndimadziwa kuti foniyo ili bwino, ndipo thumba limene ilimo lili bwino.

Zimenezo zimandikwanira mpaka bomba lina.