Madzi amene ndinameza

Yotamu, mwana wanga woyamba, anali asanamere ndevu pamene anandiuza kuti akupita ku Halale wapansi, kukagwira ntchito kwa azungu. Ndinamukalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinamunena kuti ndi mlesi wothawa khasu, chonsecho munda wathu wa ku Engutwini ankalima yekha.

M'mawa wa ulendowo alamu anga anandipatsa chikho cha madzi. Kwathu mwana sanyamuka mayi ake ali chikwiyire. Mayi amavumata madzi n'kuwalavula pansi, kuti mtima uyere ndipo mwana ayende bwino.

"Lavulani, alamu, mwana azipita," anatero.

Ndinavumata, n'kutembenukira kunkhokwe ngati ndikulira, ndipo ndinameza. Pansi ndinangogwetsa timate. Ndinatsamwa nawo madziwo, n'kutsokomola ngati mbuzi, anthu n'kumati ndi chisoni cha mayi.

Yotamu anagwada. "Yewo, amama," anathokoza motero, n'kunyamula kamtolo kake.

Mkwiyowo sunali wa iye. Bambo ake anadzera njira yomweyo msonkho utangoyamba, ndipo sanabwerere. Ine ndinkangoopa, koma mantha anga akafika pakamwa amasanduka ukali. Ndinkati ndikameza, mwina minga imubaya, abwerera asanafike ku Kasungu.

Sanabwerere. Dzinja lapita kangapo, ngakhale uthenga wake sunafike.

Masiku ano ndikapita kudambo kukatunga madzi, ndimayamba ndavumata n'kulavulira kumwera, komwe analowera Yotamu. Amayi anzanga amati dzino likundiwawa. Ine ndimangovomera.