Mng'ono Wanga Peyala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pakamwa panga panalibe chitseko. Tinkakhala kukomboni ya esiteti ina ku Mulanje, komwe amayi ankathyola tiyi. Ndinali mwana mmodzi ndekha, ndipo zinkandiwawa. Anzanga onse anali ndi makanda obereka kumsana, ine n'kumabereka chitsononkho.

Chaka chimenecho mimba ya amayi inayamba kuonekera. Tsiku lina ndinamva abambo akuuza azakhali kuti, "Alamu anu ndi odwala, akuyendera kuchipatala." Ndinathamangira kwa Esinati, mnzanga wodziwa zonse, ndipo iye anaomba m'manja.

"Iwe ndiwe mbuli eti? Akuluakulu akati mayi ndi wodwala, mimba ili apo, ndiye kuti kukubwera mwana!"

Basitu. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditalengeza pampopi, kuchigayo, mpaka kwa ogulitsa mandasi. Dzina ndinatchiratu: Mphatso. Azimayi anayamba kuwamwetulira amayi mwachinsinsi, ena kuwalanda ndowa, ati asamasenze zolemera. Amayi ankangoti, "Zikomo," maso ali pansi.

Mwezi uliwonse ankapita kukabayitsa jakisoni, ndipo jakisoniyo anali ndi zakezake. Mu Juni, chiperoni chitakuta phiri, tonsefe mano akuombana, amayi ankatuluka panja thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Ine ndinkati Mphatso adzakhala mwana wamoto. Chinandisokoneza n'chakuti mimba ija, m'malo mokula, inkaphwa. Esinati anagamulanso: "Akuchipatala akukuberani pang'onopang'ono."

Ulendo wachitatu ndinakakamira kupita nawo. Anesi atangotulutsa jakisoni, ndinaima pakati, manja m'chiuno.

"Anesi, mwana wathu mukumuika kuti?"

"Mwana uti, mama?"

"Mphatso! Amayi anabwera naye wamkulu kuno, pano watsala pang'ono kutha!"

Anesi anaseka mpaka kudziponya pampando. Atacheukira amayi n'kuona kuti iwo sakuseka, phwete linatha. Anandikokera pafupi n'kundiuza kuti m'chiberekero mwa amayi munalibe mwana. Munali chotupa chachikulu ngati peyala, chimene chinkawatayitsa magazi ambiri. Jakisoniyo ankagonetsa mahomoni amene amakuza chotupacho, kuti chifote, madokotala adzachichotse mosavuta. Thukuta la mu Juni lija linkachokeranso momwemo.

Panjira amayi sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anangoti, "Pakamwa pamene panadzala ndi pomwe pakazule. Upite kumpopi."

Ndinapitadi. Ndinakwera pamwala wochapira, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Si mwana ayi, ndi peyala!"

Amayi ake a Esinati anagwetsa ndowa. Kuyambira tsikulo komboni yonse inkandilonjera kuti, "Mng'ono wako Peyala wadzuka bwanji?" Ndinkalira, iwo n'kumawonjeza. Ngakhale amayi enieniwo, atachira bala la opaleshoni, ankati akamandituma kumsika wa Chinakanaka, "Ukandisankhire ang'ono ako awiri, akupsa bwino."

Mng'ono weniweni sanabwere. Ndinali kale pabanja pamene azakhali anandiuza kuti amayi anakhala zaka zisanu ndi zitatu akulira mwana wachiwiri, ndipo mimba itayamba kukula nawonso anayamba akhulupirira, mpaka kuchipatala anawauza zoona. Apo mpamene ndinamva manyazi enieni, oposa a pampopi aja. Miyezi itatu yathunthu, chifukwa cha pakamwa panga, ankalandidwa ndowa ndi kumwetuliridwa chifukwa cha mwana amene ankadziwa kuti mulibe, iwo n'kumayankha kuti zikomo.

Lero ndikakumana ndi mayi mimba ili patsogolo, ndimapereka moni, n'kufunsa za mvula.